Mutu 6: Marnie Apotoza Mawu a Mlendo

1. Phunziro la Lachisanu

Mvula inagwa masiku asanu ndi anayi osalekeza. Kwathu ku Tully mvula sidabwitsa munthu, koma chaka chimenecho ngakhale alimi a nthochi anayamba kudandaula. Lachisanu limenelo m'kalasi ya Chijapani munali ana asanu ndi awiri okha, chifukwa basi ya kumtunda inalephera kuwoloka mlatho.

Marnie Caltabiano, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anakhala kutsogolo monga mwa masiku onse. Pa Chijapani panalibe womuposa, ndipo iye ankadziwa zimenezo.

Pambali pake panali Kotone Shiraishi, mlendo wochokera ku Japan, amene anabwera kudzaphunzira pasukulupo miyezi itatu. Ankakhala kunyumba kwa a Caltabiano. Chingelezi ankachimva pang'ono, koma kuyankhula kunkamuvuta. Choncho kulikonse kumene ankapita, Marnie ndiye anali pakamwa pake.

Phunziro lili mkati, m'mimba mwa mnyamata wina wakumbuyo munalira mokweza. Ana onse anafa nazo kuseka.

Aphunzitsi, Mayi Hatsue Doolan, anabadwira ku Japan koma anakwatiwa kuno zaka makumi atatu zapitazo. Sanakalipe. Anangotenga cholembera n'kupita pa bolodi.

"Mwamva mimba ya njalayo? Kwathu timati ikulira guuguu. Munthu akamaliza mkonono timatinso guuguu. Galu akamaopseza, mano ali pamtunda, timati garuru. Nanga gorogoro ndi chiyani?"

Marnie anayankha asanalozedwe n'komwe. "Ndi m'mimba, aphunzitsi. Mukavuta, munthu akafuna kuthamangira kuchimbudzi!"

Ana anasekanso.

"Wakhoza limodzi, wasiya ambiri," anatero Mayi Doolan. "Mvetserani bwino, ana inu. Gorogoro ndi kulira kwa chinthu cholemera chimene chikuyenda. Bingu likamagunda kutali, gorogoro. Mwala waukulu ukamagubuduka, gorogoro. Mphaka akakhuta n'kumalira chapakhosi, gorogoro. Ngakhale amuna anga akamangodzigubuduza pampando tsiku lonse osagwira ntchito, ndimati akuchita gorogoro. Liwu ndi limodzi lomwelo, koma wina akukuuzani za mphaka, wina akukuuzani kuti thawani. Mudzasiyanitsa bwanji? Mvetserani mawu amene ali pafupi nalo, ndipo yang'anani nkhope ya woyankhulayo."

Belu litalira, Mayi Doolan anamuuza Marnie kuti atsalire.

"Ndamva kuti dzulo pa nthawi ya chakudya unawauza anzako zinthu zimene Kotone sananene."

"Zinali zocheza chabe, aphunzitsi. Nayenso anaseka."

"Anaseka chifukwa anaona ena akuseka. Khala pansi, mwanawe. Womasulira si mwini mawu, iye amangonyamula katundu wa mnzake. Ine nditangofika kuno sindinkadziwa Chingelezi. Tsiku lina ndinadwala, ndipo ndinapita kwa dokotala ndi mayi wina amene ankadzitama kuti amadziwa ziyankhulo zonse ziwiri. Ndinamufotokozera mmene m'thupi munkandipwetekera. Iye sanamve bwino, koma anachita manyazi kufunsanso, ndiye anawauza adokotala za m'mutu mwake. Ndinagona m'chipatala milungu itatu chifukwa cha manyazi a munthu wina. Ukapanda kumva, nena kuti sindinamve. Ukamva, nena zimene wamva, ngakhale zisakukomere. Mwana uja alibe pakamwa pena kuno. Ukamusewerera mawu, wamusiya yekha."

"Ndamva, aphunzitsi," anatero Marnie, maso ali kukhomo.

2. Dzuwa latuluka

Loweruka m'mawa kunacha kopanda mtambo. Kunja kunatentha ngati mu uvuni, nthunzi ikutuluka m'minda.

Cha m'ma teni kunafika Rocco, msuweni wa Marnie, pa galimoto yake yakale ya pikapu. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo pakamwa pake sipankatsekeka. M'galimotomo munalinso Tahlia, mnzake wa Marnie kuyambira ali aang'ono.

"Msuweni, tenga thaulo ndi mlendo wako!" anakuwa Rocco. "Tikupita ku Ketulo. Masiku naini m'nyumba, ine ndayamba kumera nkhungu m'khwapa."

Ketulo linali dziwe la m'munsi mwa mathithi, kuseri kwa minda, kumene ana onse a kuno anaphunzirira kusambira.

Bambo a Marnie, a Enzo, anatuluka m'shedi yolongedzera nthochi akupukuta m'manja.

"Iwe Rocco, zimitsa kaye injiniyo. Sindikukuletsani, koma mumve izi. Dzuwa lawala kuno, koma kumapiri uko simukudziwa chimene chikuchitika. Nthaka yakhuta madzi. Mukafika, muyang'ane kaye. Madzi akakhala ofiira, musalowe ngakhale chala. Akasintha mtundu muli momwemo, tulukani, nsapato ndi mathaulo zisiyeni. Ine mtsinje umenewo ndakhala nawo zaka makumi asanu ndipo sindinauzolowere. Marnie, makolo a mwana uyu anamupereka m'manja mwathu. Kumene uli iwe, iyenso akhale komweko."

"Chabwino, ababa."

M'njira Tahlia sanayankhule ndi Marnie. Chibwerere Kotone, atsikana awiriwa sankachezanso ngati kale. Atayandikira ku Ketulo, Tahlia anatembenukira kwa Marnie.

"Lero utisangalatsa kapena ukhalanso nesi wa mlendo? Masiku ano umangoti Kotone akuti, Kotone akufuna. Tinakutaya, mwali."

"Simunanditaye," anayankha Marnie mwachangu.

"Tiona."

3. Pa Ketulo

Anatsika kanjira kotsetsereka mpaka kudziwe. Madzi anali ambiri koma oyera, miyala yapansi ikuoneka bwinobwino.

Rocco anagwira chingwe chimene chinamangidwa kunthambi ya mtengo, anadziponya m'madzi kuti phava! Tahlia anamutsatira. Awiriwo anasambira mpaka pa thanthwe lalikulu la pakati pa dziwe n'kugona pamenepo kuwothera dzuwa.

Kotone sanavule zovala. Anakhala m'mphepete, mapazi ali m'madzi. Marnie anakhala naye, koma maso ake anali kuthanthwe kumene anzake ankaseka.

Patapita nthawi Kotone anayang'ana mapazi ake. Madzi amene poyamba ankafika m'mawondo tsopano ankalekeza m'akakolo. Ananunkhiza mpweya. Kenaka anapendeketsa mutu, khutu kuloza kumtunda kwa mathithi.

Anadzuka n'kumugwira Marnie pamkono. Anayankhula Chijapani mothamanga kwambiri.

Marnie sanamve zonse, koma anamva zokwanira. Anamva liwu la phiri. Anamva liwu la miyala. Anamva gorogoro kawiri. Anamvanso abunai, liwu limene aliyense wa m'kalasi mwawo ankalidziwa kuti limatanthauza ngozi. Nkhope ya Kotone inali itatuwa.

"Akuti chiyani mlendo wakoyo?" anakuwa Tahlia ali pathanthwe. "Akufuna timubereke?"

Marnie anayang'ana kumwamba. Kunalibe mtambo. Anayang'ana madzi, anali oyera. Anayang'ana Tahlia, amene ankadikira ndi kamseko pakamwa.

"Akuti m'mimba mwake mukuchita gorogoro!" anakuwa Marnie. "Akufuna kuthengo msanga!"

Rocco anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Ndi nyemba za amalume zija! Ndinanena ine, nyemba zimene zija si za alendo. Gorogoro! Gorogoro!" Anagwira pamimba pake n'kumadzipinda.

"Marnie wathu wabwerera!" anatero Tahlia akuwomba m'manja.

Kotone anawayang'ana onse, osamvetsa chimene chikuseketsa. Anayesa Chingelezi chake chochepacho.

"Tulukani! Madzi... oipa! Chonde!"

"Eya, tamva, madzi oipa!" anayankha Rocco. "Thamanga kuseri kwa mtengo uko, sitikuyang'ana!"

Kotone anatembenukira kwa Marnie. Ulendo uno anayankhula pang'onopang'ono, liwu limodzilimodzi, kuti Marnie asaphonye kanthu.

"Wawauza?"

"Ndawauza. Usaope, ndi bingu chabe."

"Si bingu. Bingu limalira kumwamba, kenaka limasiya. Ichi chikulira pansi ndipo sichikusiya. Ndi miyala ikugubuduka m'madzi. Madzi achepa chifukwa china chake chatseka kumtunda. Chikatseguka, onse abwera pamodzi. Ika dzanja apa."

Anatenga dzanja la Marnie n'kulisanjika pamwala. Mwalawo unkanjenjemera pang'ono, ngati pansi pa shedi thirakitala ikamadutsa.

Marnie anachotsa dzanja msanga. Akanatha kukuwa pomwepo. Koma kukuwa kunali kuvomera pamaso pa Tahlia ndi Rocco kuti wanama.

"Anthuni, mwina tizipita," anatero ndi mawu otsika.

"Wati chiyani?" anafunsa Rocco.

"Ndati mwina tizipita. Kukutentha."

"Kukutentha ndiye tichoke m'madzi? Msuweni, mutu wako ukuchitanso gorogoro?"

Kotone sanadikirenso. Analowa m'madzi ndi zovala zomwe, n'kusambira kulunjika kuthanthwe.

4. Madzi

Atafika, Kotone anamugwira Tahlia padzanja n'kuyamba kumukoka.

"Tandisiya iwe! Marnie, tamuuza mnzakoyu, wapenga kodi?"

Pamenepo Rocco anasiya kuseka. Mathithi amene anali oyera anasanduka ofiira ngati tiyi wamkaka. Masamba ndi timitengo zinayamba kugwera m'dziwe. Fungo la dothi linadzaza paliponse.

Tsopano onse anamva. Kunali kugunda kwakukulu kochokera m'chigwa cha kumtunda, gudugudu, gudugudu, kosalekeza, ndipo kunkayandikira.

"Tulukani!" anakuwa Marnie ndi mphamvu zake zonse. "Chigumula! Rocco, tulukani!"

Atatuwo anadziponya m'madzi. Rocco anali katswiri wosambira, koma anatsalira dala kumbuyo, akukankha atsikana. Tahlia ndiye anayamba kufika. Marnie anamugwira n'kumukokera kumtunda.

Kenaka madzi anafika. Sanabwere pang'onopang'ono. Anagwa pamathithi ngati khoma la matope, muli miyala ndi mitengo yozuka ndi mizu yomwe. Thanthwe lija linamira nthawi yomweyo.

Kotone anali atagwira kale muzu wa m'mphepete. Akanatha kukwera, koma anacheuka. Chipika chachikulu chinamumenya Rocco pamwendo, ndipo mnyamatayo anakuwa n'kumira. Atavuuka, Kotone anamugwira tsitsi ndi dzanja limodzi, linalo lili pamuzu.

Madzi ankawakoka onse awiri. Kotone anakuwa ndi ululu, koma sanataye.

Marnie anathamangira ku mtengo uja, anakoka chingwe chodumphira n'kuchiponya. Ulendo woyamba chinaphonya. Wachiwiri Rocco anachigwira. Marnie ndi Tahlia anakoka mpaka zikhatho zinasupuka, ndipo Rocco anatuluka chokwawa. Kenaka anamukoka Kotone.

Anakwera kanjira kaja movutika, Rocco atakolowekedwa pamapewa a atsikana awiri. Mwendo wake unali utapindika pamalo posapindika. Dzanja lamanja la Kotone linkangolendewera, phewa litaguluka. Atayang'ana kumbuyo, pamene anasiya mathaulo panali madzi okhaokha.

Tahlia anathamangira kugalimoto kumene anasiya foni yake. Marnie anatsala ndi ovulala awiriwo. Anavula malaya ake apamwamba kuti amufunditse Kotone.

Kotone anasuntha, malayawo anagwa pansi.

"Unawauza chiyani?" anafunsa m'Chijapani.

Marnie anawerama n'kutola malayawo.

"N'chifukwa chiyani ankaseka?" anafunsanso Kotone.

Marnie anayang'ana pansi mpaka ambulansi inafika.

5. Kuchipatala

Masana amenewo a Enzo anafika kuchipatala ali ndi nsapato za kumunda. Mlongo wawo Concetta, mayi ake a Rocco, anali atafika kale, akulira pakhomo la chipinda. Adokotala anati mwendo wathyoka pawiri, ndipo mnyamatayo ayenera kutumizidwa kuchipatala chachikulu cha ku Cairns kukachitidwa opaleshoni. Rocco anali atangosankhidwa kumene kusewera mu timu ya mpira ya chigawo. Za mpirazo palibe anazitchula.

A Enzo anawapeza Marnie ndi Tahlia atakhala pabenchi.

"Madzi anali ofiira pamene mumafika?"

"Ayi, ababa. Anali oyera."

"Ndi zoona, anali oyera," anavomereza Tahlia.

"Panalibe chizindikiro chilichonse? Simunamve kanthu?"

"Ife sitinamve kanthu," anatero Tahlia. "Kotone ankangodandaula za m'mimba. Kenaka mwadzidzidzi analumphira m'madzi n'kudzandikoka. Sindikudziwa kuti anadziwa bwanji."

A Enzo anayang'ana mwana wawo. "Marnie?"

Apa panali pena pamene Marnie akanatha kukonza zinthu.

"Zinangobwera mwadzidzidzi, ababa."

A Enzo anamusisita pamutu. "Chachikulu muli moyo. Mwachita bwino kukoka chingwe chija."

Posakhalitsa anafika Mayi Doolan, amene a chipatala anawaitana kuti adzathandize kumasulira. Analowa kuseri kwa katani kumene kunagona Kotone, ndipo anakhalako nthawi yaitali. Marnie ankamva mawu a Kotone akutsika ndi kukwera, koma sankatha kuwatola.

Atatuluka, Mayi Doolan sanamuyang'ane Marnie. Anapita kwa a Enzo.

"Phewa alibwezera, achira. Bambo Caltabiano, mukudziwa kumene mwanayu amachokera?"

"Ku Japan, kumudzi wina wa kumapiri."

"Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, phiri la kumudzi kwawo linagumuka mvula itagwa sabata yathunthu. Linatenga nyumba zinayi. M'nyumba imodzi munali agogo ake aamuna. Kuyambira pamenepo ana a kumeneko amaphunzitsidwa zizindikiro chaka chilichonse: mtsinje ukaphwa mvula ili mkati, fungo la dothi likamveka, miyala ikayamba kugunda pansi pa madzi, thawa ndipo uwuze ena. Mwanayu amazidziwa zimenezi monga inu mumadziwira nthochi yokhwima. Lero wapulumutsa ana awiri. Koma akanatha kuwapulumutsa osanyowa n'komwe. Pakati pa nthawi imene anamva ndi nthawi imene madzi anafika panadutsa mphindi zosachepera zisanu. Mphindi zisanu ndi zambiri, bambo. Munthu amakwera kanjira kaja kawiri."

"Ndiye bwanji sananene?" anafunsa a Enzo.

"Funso limenelo si ine woyenera kuliyankha." Mayi Doolan anakonza chikwama chawo paphewa. "Kotone wapempha kuti akatuluka akakhale kwanga. Mawa m'mawa ndibwera kudzatenga katundu wake."

"Kwanu? Talakwa chiyani ife? Mwanayu timamusunga ngati wathu."

"Inu simunalakwe kanthu," anatero Mayi Doolan, n'kubwerera kuseri kwa katani.

Tahlia anatembenuka pang'onopang'ono n'kumuyang'anitsitsa Marnie. Anadzuka pabenchipo n'kukakhala pafupi ndi mayi ake a Rocco.

6. Pageti

Pobwerera kunyumba a Enzo sanayatse wailesi. Mitambo inali itasonkhananso, ndipo madontho oyamba anayamba kugwa pagalasi. Anadutsa minda ya nzimbe, anadutsanso mlatho.

Atafika pageti la famu, a Enzo anaimitsa galimoto n'kuzimitsa injini. Manja awo anatsalira pachiwongolero.

"Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo Chijapani sindichidziwa," anayamba motero. "Koma ndalemba ntchito anthu ambiri ochokera kutali, ndipo ndikudziwa kuti munthu woona ngozi sakhala chete. Amakuwa m'chiyankhulo chake. Pamtsinje paja panali munthu mmodzi yekha womva chiyankhulo chimenecho. Ndakulera ine, Marnie. Unaswapo galasi la thirakitala, unandiuza. Unalepherapo masamu, unandiuza. Sindinakumenyepo chifukwa chonena zoona. Tsopano mwana wa mlongo wanga mwina sadzathamanganso, ndipo mwana wa eni ake akukana kulowa m'nyumba mwanga. Undiuze mawu amene Kotone ananena, mmene anawanenera iye mwini. Sititsika m'galimoto muno usanandiuze."

Misozi inayamba kutsika m'masaya mwa Marnie.

"Ababa, ine..."

Sanamalize. Chitseko cha nyumba chinatseguka, ndipo mayi ake a Marnie anatuluka chothamanga, osavala nsapato, foni ili m'manja. Anadutsa pabwalo mvula ikuwanyowetsa n'kugogoda pagalasi la mbali ya Marnie.

"Tsegula, tsegula msanga! Ndi mayi ake a Kotone, akuimba kuchokera ku Japan. Ayankhula kale ndi mwana wawo kuchipatala. Akulira, akungotchula dzina lako, ndipo ine sindikumva ngakhale liwu limodzi."

Analowetsa foniyo pawindo n'kukweza mawu kuti onse azimva. Mawu a mayi wachilendo anadzaza m'galimoto, akufunsa funso limodzi mobwerezabwereza m'Chijapani.

A Enzo anatembenuka pampando n'kuyang'ana mwana wawo m'maso.

"Tiuze, Marnie," anatero. "Akuti chiyani?"